Daudi Anaflashitsa Chipu cha Eniake

Panali munthu wina ku Matawale, mu Zomba, dzina lake Daudi, telala wopeta mabaji a mayunifomu. Makina ake anali akalekale, oyendera kompyuta ya madisiketi, ogula pamene fakitale ina ya zovala inkatsekedwa. Tsiku lina magetsi anabwera mwamphamvu, makina aja n'kungoti zii. Apo n'kuti sukulu zili pafupi kutsegulidwa.

Daudi anachotsa bolodi la m'kati n'kukwera nalo kwa aWilson, bambo wopuma pantchito amene ankakonza zamagetsi pakhomo pawo chaku Mulunguzi, m'mbali mwa phiri. AWilson anamulozera kachipu kakuda, ka miyendo yambirimbiri ngati bongololo.

"Kapsa ndi aka. Chatsopano chopanda kanthu ndili nacho chimodzi, koma nzeru zoikamo tiyenera kukopera ku chinzake chamoyo."

Mu Zomba monse makina otero anali nawonso munthu mmodzi yekha, aZuleka a mumsika, mayi wamasiye. Daudi atakawadandaulira, iwo anamva chisoni.

"Achimwene, ana anga amadya apa. Tengani, koma Lolemba chibwere."

AWilson atayesa chipu cha aZulekacho anapukusa mutu. "Opanga anachikhoma ichi. Ukachiika pa makina owerengera chimaoneka ngati mulibe kanthu, koma muli zonse. Tizichifunsa pang'onopang'ono. Kupatsa moto mwendo uwu, kuona wayankha ndi uti, kenako wina. Zitenga masabata. Kawapemphe aZuleka tizibwereka Loweruka lililonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, Daudi."

Kudekha ndiye kumene Daudi analibe. Anatsika phiri akung'ung'udza, ndipo pa depoti anafotokozera nkhani yonse mkulu wina wa chikwama cha laputopu, munthu amene ngakhale dzina sanamufunse.

"Aaa, madala amenewo akuchedwetsani, bwana. Ife ku Limbe timaflasha mafoni tsiku ndi tsiku. Ichi n'chiyani?"

Anakhala pakhonde la shopu. Mkulu uja anapanikiza chipu cha aZuleka pa kachipangizo kake, ndipo pa sikirini sipanaoneke kanthu.

"Mwaona? Chagona. Tichiflashe kaye chidzuke, kenako tikopere."

Mawu a aWilson anamubwerera Daudi m'mutu, koma iye n'kuwakankhira uko. "Flashani, akulu."

Abale, kuflasha kumeneko kunali kufufuta. Lolemba chipu chija atachibwezera m'makina a aZuleka, nawonso anangoti zii. Foni ya mkulu wa ku Limbe inali isakupezekanso.

Daudi akanatha kunamizira magetsi, koma anagwada pakati pa msika n'kunena zonse. AZuleka analira.

"Mwandipha, aDaudi. Ndinakupatsani mbale yodyera ana anga, inu n'kukaipereka kwa munthu wa mumsewu?"

Daudi anakweranso phiri, manyazi ali tho. AWilson anamukalipira mpaka kutopa, kenako anati, "Bweretsa chako chakupsa chija."

Atachiyesa anapeza kuti chinafa mwendo umodzi wokha, ina yonse inkayankha. Ntchito imene Daudi anaithawa ija inayamba, ndipo tsopano inali yovuta kuposa poyamba. M'mawa ankakwera kwa aWilson kukafunsa chipu mwendo ndi mwendo. Masana ankatsikira mumsika kukasoka madiresi a aZuleka pa makina opalasa, kuti pakhomo pawo moto usazime.

Mwendo wakufa uja aWilson anautsata pa bolodi n'kupeza kuti umalamula kuima kwa singano. AZuleka, ngakhale anali asanayambe kumuyankha Daudi moni, anafotokozera aWilson nthawi imene singano imaima ndi pamene ulusi umaduka. Anayesa, singano inathyoka. Anakonza, ulusi unapiringizika. Sukulu zinatsegulidwa, makasitomala a Daudi n'kupita ku Blantyre. Kenako tsiku lina aWilson anaomba m'manja.

"Chatheka. Koma chipu ndi chimodzi, makina ndi awiri. China ndiitanitse kunja, ndipo sichifika msanga."

Daudi anatenga chipucho. Anachikulunga m'kansalu, n'kulunjika nacho kumsika. Atachiika m'makina a aZuleka, singano inayamba kuthamanga, baji n'kutuluka yoyera bwino. AZuleka anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anamuyang'ana Daudi.

"Ine ndimaweruka dzuwa likapendeka. Mawa mubwere ndi mabaji anu, muzipetera pano mpaka chanu chifike. Koma chipucho musachikhudze!"

Phunziro: Chinthu chobwereka si choyesera nzeru za munthu amene simukumudziwa, ndipo amene akukuuzani kuti ntchitoyi itenga nthawi sikuti akukudani. Mukalakwa, nenani zoona, ndipo yambani kukonza cha mnzanu chisanafike chanu. Tumizirani anzanu nkhaniyi, makamaka aja amathamangira kuflasha chilichonse.