Zala Zitatu Paphewa

Mayi wamasiyeyo anatengera chithunzi kuwindo la shopu ya wojambula n'kuchiyang'anitsitsa. Malemu amuna ake anali pampando akumwetulira, kumbuyo kwawo kuli mbuu ngati chifunga cham'mawa. Koma paphewa pawo panali zala zitatu zopanda mwini.

"Bambo, dzanja ili n'la ndani?"

Wojambula anayamba kupukuta galasi la kamera, lomwe linali loyera kale. "Amayi, magalasi akalewa ndi choncho. Amafewetsa nkhope, m'mbalimu mumangokhala chifunga."

"Chifunga chimavala mphete?"

Bamboyo sanadzutse mutu. "Malemu anandiuza okha kuti ndifufute munthuyo. Ine ndinangogwira ntchito."

"Ndiye ntchitoyo munaisiyira panjira."

Mayiyo anayang'ananso mpheteyo. Inali yopyapyala, ya kamwala kobiriwira. Mphete yotere iye anagulirapo munthu mmodzi yekha.

Pakhomo, mng'ono wake amene anamuperekeza ankadikira, manja ali m'matumba a juzi.

"Achemwali, chatuluka bwino?"

"Chatuluka bwino zedi," anatero mayiyo, mawu ali pansipansi. "Tabwera undigwirire kaye chithunzichi. Ayi, osati dzanja limenelo. Linalo."