Gitala pa Benchi ya Kumbuyo

"Ukane chimbale chakocho pamaso pa mpingo, apo ayi ukakhale kumbuyo," anatero Abambo Medson, mkulu wa mpingo wathu ku Nsungwi.

Mwana wanga Jemima anali ataima kutsogolo, gitala yamagetsi ili kumsana. Benchi ya kumbuyo ndi ya anthu oimitsidwa, amene sadya nawo mgonero.

Chimbalecho anajambula ndi anzake m'shedi ya wowotcherera zitsulo ku Biwi. Mawu onse anawatenga m'Masalimo, koma magitala ake amalira ngati makina ochekera malata. Mkulu wina pa wailesi anati ndi phokoso la m'bala lovala tayi, ndipo mpingo wonse unamva.

"Mwamverako nyimbo zingati, Abambo?" anafunsa Jemima.

"Yomwe ndinamva m'minibasi inandikwana. Munthu wopemphera sakuwa choncho."

"Imeneyo ndi ya munthu amene waika maliro, akufunsa Mulungu chifukwa chake. Mawuwo sindinalembe ine, ali m'buku muli nalo m'manjalo. Ndikane ati?"

Anthu anayamba kung'ung'udza. Abambo Medson anatembenukira kwa ine, pamzere wa akulu ampingo. Chimwalirireni mayi ake a Jemima, ndinali ndisanatsutsepo kanthu m'nyumba ya Mulungu imeneyi.

"Abambo a Jemima, tamulangizani mwana wanuyu."

Ndinaimirira, n'kunyamula sipika yake yomwe inali pafupi ndi guwa. Inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira.

"Tiye, mwanawe," ndinatero. "Soketi yabwino m'tchalitchi muno ili kumbuyo komweko."