Nambala ya ba Langford

Dokotala Chileshe ankayenda bedi ndi bedi m'wodi ya odwala korona, akutchula manambala kwa nesi amene ankamutsatira. Pa bedi la ba Greenwell, mlimi wa ku Bundabunda amene ankapumira chubu cha oksijeni, anati 34. Pa nkhalamba ya pakona anati 31. Atafika pa ba Langford anaima kaye, n'kuwayang'ana kawiri.

"Awa ni 14."

Dokotala atangotuluka, ba Langford anakodola nesiyo. "Sista Clotilda, nambala ija ni ya chani?"

"Ni ya mashini yopima vailo lodi," anayankha nesiyo akuthamangira wodwala wina amene ankabanika.

Ba Langford sanafunsenso. Ku Chongwe ngakhale wogulitsa tomato amadziwa kuti vailo lodi, kuchuluka kwa kachilombo m'thupi, ikatsika ndiye kuti munthu wapulumuka. Maso nawo ankachitira umboni. A 34 ndi a 31 anali thapsa, akupuma ngati mvukuto wong'ambika. Iwo a 14 ankadya mpaka kunyambita mbale, n'kumafunsa ngati kwatsalako ndiwo.

Nambalayo inafika pa nthawi yake. Pamsika wa Chongwe ba Langford ankagulitsa mbewu ndi mankhwala a mbozi, koma korona itabuka anayamba kufulula chakumwa chawochawo chotchedwa Gumulagumula. Munali jinja, adyo, mandimu, tsabola, ndi masamba ena amene dzina lake ankalidziwa iwo ndi Mulungu basi. Chinayenda malonda mpaka m'maminibasi a ku Lusaka. Ndiye tsiku lina shuga inawagwetsa pabenchi pawo, ndipo kuchipatala atawayeza anawapeza ndi korona yomweyo. Msika wonse unaseka. Ena ankati sing'anga walodzedwa ndi nsupa yake yomwe.

Madzulo omwewo anaimbira foni mkazi wawo. "Nelesi, uza msika wonse. Fotini! Anzanga muno ali ku ma sate uko. Ubwere nayo botolo ikulu ija."

Kuyambira pamenepo wodi inapeza mfumu. Ba Langford anasiya kuitana anzawo mayina, n'kumangoti "ba Sate-folo", "ba Sate-wani". Ankayenda manja kumbuyo ngati woyendera sukulu, akupukusa mutu pa bedi lililonse.

"Mwaona, ba Greenwell? Imwe chubu, ine botolo. Nanga wapambana ndani?"

Ba Greenwell anakoka mpweya pa chubu chawo. Anangotembenuzira nkhope kukhoma. Kumunda kwawo chimanga chinali chisanakololedwe, ndipo usiku ndi usana ankangoganiza ngati adzachionenso.

Posakhalitsa manesi anasamutsira ba Langford pa bedi la kumapeto, pafupi ndi windo, patali ndi ena onse. Iwo anati n'zoyenera, munthu wochira sasakanikirana ndi odwala. Manesi akamabwera kwa iwo ankayamba akonza mamasiki awo bwinobwino, ndipo sankachedwapo. Ba Langford anati ndi nsanje, poti botolo limodzi linali pafupi kuwachotsa ntchito onsewo.

Kuseri kwa windolo kunali mtengo umene achibale a odwala ankaswera pansi pake, popeza m'wodi sankaloledwa. Loweruka masana Nelesi anafika ndi botolo lija, atatsogolera chigulu cha anthu a pamsika ofuna kudzionera okha. Ba Langford anatsegula windo lonse, n'kuvula masiki kuti aliyense aone nkhope ya munthu wa 14.

Analalikira. Anafotokoza mmene anagwera, mmene adani anasekera, ndi mmene mashini ya azungu inagwadira jinja wa ku Chongwe. Anayambitsa korasi, anthu n'kuvomera atasunzumira pawindo. Kenako analandira botolo kwa Nelesi, n'kulipendeketsa, namwa mpaka kholingo kulira, n'kulitulutsa panja.

"Lero ni mahala! Aliyense alaweko."

Woyamba kulandira anali ba Dainess, mkazi wa ba Greenwell, amene anakhala akugona pansi pa mtengowo chigonekereni mwamuna wawo. Anamwa, misozi ili mbwembwembwe.

"Ba Langford, nipempha mupatseko na amuna anga. Ana akali ang'ono."

"Osadandaula, mayi. Tizawatsitsa mpaka ku ma teni."

Botolo linayamba kuyenda pakamwa ndi pakamwa. Apa m'pamene dokotala Chileshe analowa m'wodi, n'kuima chilili pakhomo. Kenako anabwera chothamanga.

"Valani masiki! Tsekani windo iyo!"

Ba Langford anatembenukira khamu lija akumwetulira. "Mwaona? Safuna muzibe." Ndiye anakweza mawu. "Ba dokota, uzani anthu awa chilungamo. Nambala yanga ni ingati?"

"Izo ni zachinsinsi chanu, bambo. Tikambe pawiri."

"Nilibe chobisa ine. Kambani apa pamene!"

"Ni 14."

"Nanga muno muli wina wotsika kupambana ine?"

"Mulibe."

Panja panabuka nthungululu. Nelesi anavula mpango n'kumaukupiza m'mwamba. Dokotala anadikira kuti phokoso lizizire, ndipo polankhula sanayang'ane ba Langford koma anthu a pawindo aja.

"Nambala ija ni maulendo amene mashini imazungulira isanapeze kachilombo. Kakachepa, imasakasaka nthawi itali, nambala imakwera. Pa bambo awa siinavutike olo pang'ono. Wodi yonse ino palibe amene ali na kachilombo kambiri ngati iwo."

Kunja kwa windo, munthu womaliza anatsitsa botolo pakamwa pake. Munalibe ngakhale dontho.