Sanda ya Lukiya

Lukiya analowa pa ndowa, ukwati wa Chisilamu, ya mwamuna wake Twalibu ku Ntaja atavala diresi loyera mbee, ndipo nyimbo inafera pakamwa pa azimayi.

M'mbuyomo, madokotala atanena kuti khansa ya impso ya Lukiya yafika m'mapapo, Twalibu sanadikire. Anagula sanda, nsalu yokulungira mtembo, n'kuibisa pansi pa matiresi a wodwalayo, kenako n'kukafunsira mkazi wina.

Koma mankhwala atsopano a m'diripi, aja odzutsa asilikali a m'thupi kuti alimbane ndi khansa, anamuyanja Lukiya. Chotupa chinafota. Nsaluyo anaipeza poyala bedi, ndipo telala wa ku Balaka anaisoka mwaluso n'kukhala diresi.

Tsono pa ndowapo, Lukiya anadutsa pakati pa anthu mosapupuluma, zipsera za singano zikuoneka pamkono, n'kugwada pamaso pa mkwati.

"Bambo, ndabwera kudzathokoza chovala munandigulira chija. Chandikhala, eti?"

Twalibu anaizindikira nsaluyo. Anaika kapu ya tiyi pansi.

Lukiya anatulutsa mpukutu woyera m'chikwama, n'kumuikira pamiyendo.

"Inatsalako iyi. Atelala akuti ikukwanani ndithu. Muisunge pansi pa matiresi."