Oilo wa a Daka

Mphepo ya mwezi wa Juni inadzuka ndi fumbi tsiku limenelo, koma a Josphat Daka anali thukuta lokhalokha m'chisakasa chawo ku Msanzala. Anatulutsa mpeni pamakala uli psuu, nauviika m'chitini cha oilo. Utazilala anaukwecha ndi tupa. Tupa inalowa ngati ikudya sopo. Wofewa. Wachinayi sabata imeneyo.

Kwa zaka makumi awili a Daka anali kusula mipeni kuchokela ku masipuling'i a galimoto, ndipo opha mbuzi mpaka ku Nyimba anali kudziwa kuti mpeni wa a Daka sunoledwa kawili patsiku. Chinsinsi chake anali kuchidziwanso, pakuti ndi nkhani yokhayo imene bamboyu anali kutsegulilapo pakamwa: "Madzi amang'amba chitsulo. Saladi wophikila ndi wa vitumbuwa. Mpeni umafuna oilo wakutha wa injini."

Wokatenga oilo ku galaja anali mkazi wawo, Dainess. Iye atamwalila chaka chatha, chitini chinaphwa pang'onopang'ono, ndipo a Daka anayamba kupalasa okha njinga kukafuna oilo. Anayesa oilo wa minibasi. Anayesa wa thalakitala, kenaka wa chigayo. Tsopano Abraham, mkulu wa opha mbuzi ku Nyimba, anali atabweza mipeni itatu ndi uthenga wakuti ikakhala yotelo Loweluka, azigula ya m'sitolo. Abraham akachoka, onse adzamutsata.

Wolakwa a Daka anali atamupeza kale: injini za masiku ano. Oilo wake ngwamadzimadzi, alibe mphamvu.

"Odi, a Daka!"

Anali amai Rabecca, okazinga vitumbuwa pamsika, chigubu chili pamutu. Anachitula pafupi ndi mvukuto, natulutsa mpeni m'chitenje.

"Uwu munandigulitsa mwezi watha. Ukugonja ndi tomato yemwe."

"Injini," anatelo a Daka.

"Injini ziti, bambo? Tsegulani apo."

Anatsegula. Munali mafuta akuda bii. Ananunkhiza, nabweza mutu.

"Ine sindikazinga."

"Nanga malemu anali kukazinga? Mwezi ulionse anali kubwela kudzatenga saladi wakutha m'chiwaya changa, n'kukuthililani m'chitini inu muli kumakala. Ku galaja sanapondeko. Anandilumbilitsa kuti ndisakuuzeni. Anati, 'Aja ngakhale aone ndi maso, adzakana.'"

A Daka anatsegula pakamwa kuti akane, natsekanso. Anasuzumila kumsewu kuona ngati pali wina wamva. Kenaka anakhuthulila oilo wa chigayo m'ndowa, anadzaza chitini ndi mafuta a vitumbuwa, nabweza mpeni pamoto.