Mdani wa a Tcheya

A Damiano anadina batani lokopera, kompyuta n'kuwaonetsa poyera. Mapu onse a midzi ya kwa Lundu imene imamira Shire akasefukira, amene alendo ochokera ku Blantyre ankabwera kudzaona masanawo, anali atasowa.

Sanalire. Tcheya wa Bungwe la Akatswiri a Makompyuta m'Chigwa salira. Anangopukuta thukuta n'kuyang'ana denga la kaofesi kawo, kuseri kwa msika wa pa Chikwawa.

Pulogalamuyo anailemba okha, m'chilankhulo cha makompyuta cha C++, ndipo ankaifotokozera aliyense, ngakhale wakabaza. Mlembi akakonza mapu, amakopedwa kupita kwa Tcheya. Poopa chisokonezo, pulogalamu imayamba yafufuta zakale za wolandira, kenako n'kuthiramo za wotumiza. Chinthu chadongosolo chotere sichilakwa chokha. Panali munthu.

Munthuyo anamudziwa: Prudence, mlembi wakale, amene anasiya bungwe n'kukalowa ntchito ku esiteti ku Nchalo. Kaduka basi. Koma mumtima mwa a Damiano munadutsa kachimwemwe kena. Kwinakwake kunali munthu wowaganizira, ngakhale moipa. Foni yawo inali itaiwala kulira kwake.

Anamuimbira.

"Mayi, mwandiwononga. Mapu mwaika kuti?"

"Ii, a Tcheya! Mukadalipo?" anaseka Prudence. "Ine pasiwedi yanu ndinaiwala kalekale. Mwachita chiyani?"

"Kukopera. Kuchoka kwa Mlembi kupita kwa Tcheya, monga mwa malamulo."

"Nanga mzere uja ndinaika mu pulogalamu, woti isanafufute izifunsa kaye ngati wotumiza ndi wolandira si mmodzi?"

"Ndinauchotsa. Umachedwetsa ntchito. Ili ndi bungwe, mayi, si okala."

"Ee, pepani bwana. Nanga anzanu a m'bungwe, a Limbikani, akuti chiyani?"

"Akupuma kaye."

"A Pius?"

"Ali ku dimba."

 Prudence polankhulanso, kuseka kunali kutatha.

"Bambo Damiano, Mlembi ndi ndani tsopano?"

Dzulo lake, pa msonkhano waukulu wa pachaka, a Damiano anapambana udindo wa Mlembiwo popanda wopikisana naye, chifukwa m'chipindamo munalibe wina wokweza dzanja, ndipo anaulozetsa pa akaunti yawo yomweyo ya Tcheya mu pulogalamu muja. Pulogalamu inafufuta bwinobwino mapu a Tcheya, n'kutembenukira kwa Mlembi kuti itenge ake. Inapezanso a Damiano omwewo, ali chimanjamanja.