Mbuzi Zalowa Ndale

Tisiyenji anali atagwira kale chingwe cha mbuzi yake pamene a Philomena anakweza dzanja.

"Imani! Bwezani zonse mu lole."

Pabwalo la sukulu ku Mburuma panali azimayi makumi atatu, aliyense atamanga khola monga linalamulira bungwe lothandiza amasiye. Tisiyenji anadikira zaka ziwiri. Mitengo ya khola anadula yekha, minga ikumung'amba miyendo.

A Philomena, oyang'anira bungwelo ku Luangwa, anakupiza kalata imene inangofika kumene kuchokera kulikulu, atamatako dandaulo la munthu wina. Bungwe lachifundo silichita kampeni. Likapezeka likukometsa wandale, alitseka. Tsono chisankho cha khansala chinali chitayandikira, ndipo a Bornface, oima paokha, chizindikiro chawo papepala lovotera chinali mbuzi.

"Ndiye mbuzizi zili ndi kadi ya chipani?" anafunsa Tisiyenji.

"Amayi, ngakhale dzinalo musalitchule pano. Muziti chiweto."

Chiweto chinalira mee. Dalaivala anachitseka pakamwa ndi chipewa.

Wodandaulayo ndani sanamudziwe? A Gidiyoni basi, munthu woti wakhala pampando zaka zisanu osakonza ngakhale mjigo umodzi, amene ankapikisana ndi a Bornface. Azimayi anawatukwana mpaka kukhudza makolo awo. Wina analumbira kuti voti yake ipita kumbuzi, zivute zitani.

Mpamene galimoto ya a Bornface inatulukira, fumbi koboo, chimkuzamawu padenga.

"Amayi anga, ndamva zimene akuchitirani! Nsanje imeneyo! Pukutani misozi. Mukandisankha ine, nyumba iliyonse mbuzi ziwiri!"

Nthungululu zinamveka mpaka kuchigayo. Tisiyenji sanaimbe nawo, mtima unali ukuwira. Anatsomphola kalata ija m'manja mwa a Philomena kuti aiwerenge mokweza, a Gidiyoni ayaluke mudzi wonse ukumva.

"Ndikupempha kuti ziwetozi zisagawidwe mpaka chisankho chitadutsa," anawerenga chala chikutsogolera, "chifukwa zikusokoneza ovota. Ine wanu wodandaula..."

Anaima. Anayang'ana bambo amene ankagwedeza manja pagalimoto paja.

"Malizani, amake Alinafe!" anakuwa azimayi pomuuza Tisiyenji. "Itchuleni mfitiyo!"

"Bornface Njobvu."